Kadontho ka Mawa

Enifa ankatsuka kabokosi ka chakudya pang'onopang'ono, akuyendetsa siponji m'makona ngakhale munali mutayera kale. Kanali ka mwamuna wake, Laison. Anzake a kuntchito anakabweretsa pamodzi ndi jekete yake ndi makiyi a galimoto, mpunga ndi nyemba zili momwemo, zosakhudza. Laison anagwa nthawi ya chakudya isanakwane, pakati pa mashelefu a nyumba yosungiramo katundu ku Smethwick, kufupi ndi mzinda wa Birmingham, ndipo ambulansi isanafike naye kuchipatala anali atatsirizika. Madokotala anati zikuoneka kuti mtsempha unaphulika m'mutu. Thupi linali lidakali m'manja mwa a boma, kudikira kuti alipime.

Pabalaza azimayi a kumpingo ankaimba chapansipansi. Mipando anaitulutsira kuseri, pansi n'kuyala matiresi ndi zitenje ngati kumudzi, ngakhale nyumba za ku Lozells n'zopapatiza moti munthu akatambasula miyendo amaponda mnzake. Chichitikire zovutazo, Enifa anali asanakhalepo yekha. Akaimirira, wina ankaimirira naye. Akapita kubafa, wina ankadikira pakhomo. Foni yake inali ndi Mayi Liness, mkulu wa azimayi, amene ankayankha mauthenga a chipepeso m'malo mwake. Mbale zokha ndi zimene zinamupatsa mpata.

"Alamu, mukutani kuno?"

Anali Edna, mlongo wake wamkulu wa Laison. Anali namwino pa nyumba yosamalira okalamba ku Wolverhampton, ndipo anafika madzulo a tsiku lomwelo la imfa ali mu yunifomu. Kuyambira pamenepo ndiye ankayendetsa zonse.

"Namfedwa satsuka mbale. Mukufuna anthu azikati kubanja kwa mwamuna kulibe manja?"

"Ndimafuna ndingoimirirako pang'ono," anatero Enifa.

Maso ake anali pa kakiyi kamene Edna anakamangirira pa lamba wa chikwama chake. Atangofika, Edna anakwera kuchipinda, n'kusonkhanitsa nsapato, malaya ndi zipewa za malemu, n'kukhoma kabati ya zovala. Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka maliro ataikidwa, anatero, ndipo azimayi onse anavomereza.

"Alamu," anatero Enifa. "M'kabati muja muli kanthu kanga."

"Kanthu kanji?"

"Kachitini."

Edna anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ka mabisiketi?"

"Eya."

"Ndakaona," anatero Edna. Anatenga kabokosi kaja m'manja mwa Enifa, n'kukapukuta, n'kukaika pamwamba pa filiji. "Amalume akubwera. Tikambirana."

Enifa anabwerera pamatiresi. Mayi Liness anamufunditsa chitenje m'mapewa n'kumupatsa tiyi, koma fungo la mkaka linamuchititsa nseru. Azimayi anayang'anana mwachifundo. Chisoni chimatseka pakhosi, anatero wina.

M'nyumba monsemo panalibe amene ankadziwa kuti Enifa anali ndi pakati.

Anapita padera katatu. Koyamba anali atauza aliyense, mpaka apongozi ake ku Ntcheu anayamba kuluka kachipewa. Kachiwiri anauza abale okha. Kachitatu anauza Edna yekha, ndipo patapita sabata Edna ndi amene anabwera ndi supu kuchipatala, n'kunena mosaganiza kuti mwina thupi la alamu silinapangidwire zimenezi. Zitatero mimba inasiya ngakhale kubwera. Ndi pamene anayamba kupita kuchipatala cha ku Bordesley Green, kukayesa njira yokumaniza dzira ndi mbewu ya mwamuna kunja kwa thupi, imene amaitcha IVF. Anapeza miluza iwiri. Woyamba atauika m'chiberekero sunagwire. Asanaike wachiwiri, umene unali womaliza, dokotala anati ayambe amuyeza magazi, ndipo anamuyezanso kachiwiri patapita miyezi kuti atsimikize.

Zotsatira zinatuluka chimodzimodzi. Dokotalayo, mayi wolankhula modekha, anajambula papepala timitsempha ting'onoting'ono. Anati m'magazi a Enifa muli ma antibodi, asilikali a thupi amene asokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mwini wake. Amachititsa magazi kuundana m'timitsempha todyetsa mwana, ndipo mwanayo amafooka. Anati si tsoka ndipo si kulakwa kwa munthu. Njira inalipo: kapiritsi kamodzi ndi jakisoni mmodzi wa pamimba tsiku lililonse, kuti magazi asaundane, mpaka mwana atabadwa. Anawauza kuti asamadumphitse, ndipo kuti ulendo wautali wa pandege asauyambe asanakambirane naye.

Atatuluka, Laison anakhala m'galimoto osailiza. Kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Tangoganiza ukuwauza amayi pafoni kuti magazi atuluka pozitivi, vuto lili pa chitetezo cha m'thupi. Sadikira umalize. Pofika madzulo Ntcheu yonse ikhala ikukupepesa matenda amene ulibe."

Anagwirizana kuti sauza munthu, za magazi kapena za mimba, mpaka mimbayo itadzionetsa yokha. Laison ankachotsa majakisoni m'mabokosi olembedwa dzina la Enifa, mabokosiwo n'kukataya kutali, majakisoniwo n'kuwaika m'kachitini ka mabisiketi pansi pa malaya ake. Alendo athu amatsegula paliponse ngati kwawo, ankatero. Ndipo popeza Enifa ankaopa singano moti anakomokapo pomutenga magazi, Laison ndi amene anaphunzira kubaya. M'mawa uliwonse asanapite kushifiti ankagwada pambali pa bedi, n'kupumira m'manja mwake kuti afunde, n'kuyamba kumufunsa zinthu zopanda pake, monga dzina la mbuzi ya agogo ake, kuti asayang'ane.

Mluza womaliza uja unagwira. Sabata yapitayo anamva kamtima kakugunda pamakina, mofulumira ngati ka mbalame. Laison analira, namwino n'kumupatsa tishu.

Jakisoni womaliza Laison anamubaya m'mawa wa tsiku limene anamwalira. Dzulo kunacha, kunada, wopanda jakisoni. Lero dzuwa linali litakwera kale. Enifa ankamvetsera thupi lake ngati munthu womvetsera mapazi panja, ndipo kukoka kulikonse kwa m'munsi mwa mimba kunkamuziziritsa manja. Kangapo anatsegula pakamwa kuti auze Mayi Liness za mimbayo. Koma nthawi iliyonse imene ananenapo mawu amenewo, mwana ankapita. Ndipo kuwanena Laison palibe kunali ngati kuvomera kuti sabweranso.

Amalume a Godwin anafika masana. Anali mlongo wa mayi ake a Laison, munthu wa mu ofesi amene anakhala ku Birmingham zaka zambiri, wovala taye ngakhale pa maliro a pansi. Anagwira chanza azibambo amene anaima pakhonde, anagwada pang'ono pamaso pa azimayi, kenako iye, Edna ndi Enifa anakwera kuchipinda. Edna anatseka chitseko.

Bedi linali lisanagonedwe chichokere Laison. Enifa anakhala m'mphepete, mbali yake. Amalume anakhala pa kampando ka pagalasi, mawondo atayandikira chibwano.

"Mwananga," anayamba, "choyamba ndi nkhani ya ulendo. Ndalankhula ndi a kumudzi. Achemwali anga akuti mwana wawo akagona pafupi ndi bambo ake, ndipo ife sitingatsutse. A boma akangomaliza mapepa awo, thupi linyamuka. Inu muperekeza, ndi Edna. Pasipoti ili bwino?"

Enifa anayang'ana pansi.

"Ili bwino, amalume."

"Chabwino. Chachiwiri..." Anakonza taye. "Edna, nena wekha."

Edna anamasula kakiyi kaja, anatsegula kabati, n'kutulutsa kachitini. Anakaika pabedi pakati pawo n'kuchotsa chivundikiro. Majakisoni anali atandandalikidwa bwinobwino, mitu mbali imodzi, monga Laison ankaikira zinthu zake zonse. Pambali panali thonje ndi cholembera cha buluu.

"Ine ndine namwino," anatero Edna. "Jakisoni uyu ndimabaya agogo a kuntchito kwanga. Ndi wochepetsa kuundana kwa magazi. Ndamupeza pansi pa malaya a mlongo wanga, bokosi mulibe, dzina mulibe, pepala la dokotala mulibe. Ndiye munthu wagwa pansi magazi atatayikira m'mutu. Mukufuna ndiganize chiyani?"

"Edna, pang'onopang'ono," anatero amalume.

"Pang'onopang'ono chani, amalume? Laison sanadwalepo ngakhale chimfine. Lamlungu lomweli amanyamula mipando kutchalitchi. Ankadwala chiyani chimene ife abale ake sitinayenere kudziwa? Anawatenga kuti mankhwala amenewa? Pa intaneti?" Anatembenukira kwa Enifa. "Ankamubaya ndani, alamu? Munkagona bedi limodzi ili. Musandiuze kuti simukudziwa."

Enifa anaona manja ake ali pa mawondo, ngati a munthu wina. Anali asanaganizepo kuti kachitini kaja kangaoneke choncho.

Panamveka kugogoda. Chitseko chinatseguka pang'ono n'kuonekera nkhope ya Zoe, mwana wamkazi wa Edna, wobadwira konkuno.

"Mum, the aunties say there's no more sugar."

"Tseka chitseko!"

Chitseko chinatsekeka. Pansi nyimbo inaima, kenako inayambanso.

"Mwananga," anatero amalume mofatsa, "palibe akukuimbani mlandu. Koma a boma akupima thupi, ndipo akapeza mankhwala m'magazi adzabwera kudzafunsa. Ndi bwino timve kwa inu poyamba. Ngati anakupemphani kuti mubise, tikumvetsa. Azibambo timatero."

Enifa sanayankhe. M'munsi mwa mimba munakoka pang'ono, ndipo anagwira mpweya mpaka kukokako kutatha.

"Mwaona?" anatero Edna. "Ndi mmene alili. Zaka zonsezi, kungokhala chete. Ukawafunsa, chete. Mlongo wanga wakhala m'nyumba yopanda phokoso la mwana osadandaula, lero wapita, ndipo akadali chete." Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, anavundikira kachitini, n'kukalowetsa m'chikwama chake. "Ndikupita nako ku ofesi ya opima maliro panopa. Akaone okha."

Anakoloweka chikwama paphewa. Dzanja lake linali litagwira kale chogwirira cha chitseko.

"Alamu, bwezani kachitiniko."

Mawuwo anatuluka otsika, koma onse awiri anatembenuka.

"Mwati chiyani?"

"Ndati bwezani. Si ka Laison. Laison sanabayidwepo jakisoni ameneyo ngakhale kamodzi. Ndi wanga." Enifa anadzutsa mutu. "Ndili ndi pakati."

Edna anatsamira chitseko.

"Ayi," anatero chapansipansi. "Alamu, ayi."

"Ndili ndi pakati, ndipo magazi anga amaundana n'kupha ana anga. Anandiyeza kawiri. Ana atatu aja sanapite chifukwa thupi langa silinapangidwire zimenezi, monga munanenera kuchipatala tsiku lija. Mukukumbuka? Munali mutanyamula supu. Ine ndikukumbuka. Anapita chifukwa cha matenda amene ali ndi dzina ndiponso ali ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo ali m'chikwama mwanu. Uyu ndi wotsiriza. Kuchipatala kuja sikunatsale wina, ndipo amene akanandipatsa wina ali m'filiji ya boma."

Anaima kuti apume. Kenako anapitiriza, mawu akubwera okha tsopano.

"Dzulo sindinabaye. Lero sindinabaye. Munakhoma kabati osandifunsa chimene chinali m'katimo. Foni yanga ili ndi anthu. Kubafa akundiperekeza. Ndikudziwa kuti n'chikondi, koma mwandizinga mpaka ndalephera kusamala chinthu chimodzi chimene mlongo wanu ankadzukira m'mawa uliwonse. Nanenso ndinachita mantha, ndinayenera kunena dzulo. Ndanena lero."

Anatembenukira kwa amalume.

"Ku Ntcheu sindikwera ndege mpaka dokotala wanga atandilola. Akakana, sindipita. Laison akanakhala pano akanabisa pasipotiyo yekha. Mukawauze amayi kuti ndidzabwera kudzaona manda, kaya ndili ndi mdzukulu wawo kumsana kaya ndili ndekha, koma tsikulo ndidzasankha ine."

Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi taye, n'kuwavalanso. Maso awo anali ofiira.

"Mphwanga ameneyu," anatero. "Lamlungu ndimamufunsa chimene akusekerera yekha pa guwa, akuti palibe." Anaimirira mofulumira, kampando n'kugwa. "Ine ndikadikire panja. Izi n'za azimayi. Za kumudzi zisiyeni kwa ine, mwananga. Ndilankhula nawo."

Anatuluka n'kutseka chitseko mosamala, ngati muli wogona.

Edna anatsala ataima pomwepo. Kenako anatsitsa chikwama, anatulutsa kachitini n'kukaika pabedi. Manja ake sanakasiye msanga.

"Ndinangoona dzina la mankhwala," anatero. "Ndinangoganiza za iyeyo. Sindinaganize n'komwe za..." Anayang'ana pamimba pa Enifa. "Ndi miyezi ingati?"

"Iwiri ndi pang'ono."

"Mwaona magazi?"

"Ayi."

"Kupweteka?"

"Kukoka pang'ono."

"Tikatha pano tiimbira kuchipatala, tiwauze kuti mwadumphitsa. Foni yanu ndikatenga ndekha." Anapumira m'mwamba. "Mumadzibaya nokha?"

Enifa anapukusa mutu. "Ndimaopa. Ankandibaya ndi iye."

"Laison? Amene ankathawa nkhuku ikamaphedwa?"

"Yemweyo."

Edna anaseka kamodzi, kusekako n'kusanduka kulira. Anapita kubafa. Enifa anamva madzi akutuluka pampopi nthawi yaitali. Atabwerera, manja anali otsuka ndipo nkhope inali itabwerera kukhala ya namwino. Anagwada pambali pa bedi, pamalo pomwe kapeti inali itaphwatalala ndi mawondo a munthu wina, n'kutenga jakisoni mmodzi.

Enifa anagona chagada n'kukweza bulauzi. Pamimba pake panali timikwingwirima ta buluu, tobiriwira ndi tachikasu, mbali zonse ziwiri za mchombo, totalikirana mofanana ngati mapando a chimanga. Edna anawerama kuti aone bwino. Chakumanja kunali kapulasitala kakang'ono, m'mphepete mwake mutayamba kumatuka.

"Apa pali bala?"

"Ayi."

Enifa anamatula kapulasitalako pang'onopang'ono. Pansi pake panali khungu losalala, ndipo pakati pake kadontho kamodzi ka cholembera cha buluu.

"Laison akamaliza kubaya ankafufuza malo opanda mkwingwirima n'kulemberatu pa mawa lake, kuti asadzandipweteke ndi changu cha kushifiti. Aka analemba m'mawa uja. Ndimakaphimba posamba."

Edna anaika chala pafupi ndi kadonthoko osakakhudza. Anaika jakisoni pansi, anapukuta maso ndi mkono, n'kumutenganso.

"Manja anga ndi ozizira, alamu. Pepani."

"Pumiranimo," anatero Enifa.

Edna anapumira m'manja mwake, kawiri, katatu. Kenako anatsina khungu modekha, n'kulowetsa singano pakati penipeni pa kadontho. Enifa sanayang'ane kumbali. Pansi azimayi ankaimbabe, ndipo wina ankafunsa mokweza ngati shuga wapezeka.

Edna atamaliza anakhala chogwada, osadziwa chochita ndi manja ake. Enifa anatambasula dzanja m'kachitini, anatenga cholembera cha buluu, n'kumupatsa.

"Kumanzere," anatero. "Mawa ndi kumanzere."